Kuchokera ku Roma Kufika ku Balaka: Zaka Zana za Chiphunzitso cha Eklezia pa za Chilungamo

Pa Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse la Malawi mudawerengedwa kalata imene aepiskopi athu adalembera akhristu awo. Kalatayo idali ndi mutu wakuti Living Our Faith, ndipo inkaitana akhristu kuti chikhulupiriro chawo chizioneka m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Zinthu zimene anthu ankangonong'onezana kuseri kwa nyumba, atayamba acheuka uku ndi uku, tsiku limenelo zidamveka poyera kuchokera ku guwa. Pasanathe miyezi 27, dziko lidasankha boma latsopano pa chisankho cha zipani zambiri.

Ambiri a ife timaidziwa nkhani imeneyi, ndipo timainyadira. Koma pali funso limene sitilifunsa kawirikawiri, pamene ndi lofunika kwa wansembe aliyense ndi kwa aliyense wokonzekera unsembe. Mfundo zimene zidali m'kalata ija sizidali zachilendo mu Eklezia. Papa Leo XIII adaziyala mu 1891. Nanga bwanji padapita zaka 101 kuti zimveke momveka chotero pakati pathu? Tsono m'nkhani ino tilondola njira imene chiphunzitso chimenechi chidayenda, osabisa malo amene ife a Mpingo tidazengereza.

Chaka cha 1891

M'zaka za m'ma 1800, maiko a ku Ulaya adadzaza ndi mafakitale. Anthu adasiya minda nakhamukira m'mizinda, kumene ankagwira ntchito maola ochuluka, ana omwe, pa malipiro osakwanira ngakhale chakudya. Ena ankati mankhwala a vuto limeneli ndi kulanda chuma chonse kuti chikhale m'manja mwa boma. Ena ankati boma lisalowerere konse, popeza wolemba ntchito ndi wantchito amapangana okha mwaufulu.

Pa 15 Meyi 1891 Papa Leo XIII adatulutsa kalata yotchedwa Rerum Novarum, nakana maganizo awiri onsewo. Adaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wokhala ndi katundu wakewake. Adaphunzitsanso kuti malipiro amene wantchito wavomera chifukwa cha njala kapena mantha, pamene sangamsunge ndi moyo woyenera munthu, si malipiro olungama ngakhale iye adavomera yekha. Adateteza ufulu wa antchito wokhazikitsa mabungwe awo ndi wopuma pa Lamulungu, ndipo adati boma liyenera kusamalira osauka mwapadera, chifukwa olemera ali nazo njira zambiri zodzitetezera okha.

Chaka chomwecho Angerezi adalengeza kuti dziko lathu lili pansi pa chitetezo chawo. Chaka chomwechonso Abambo Oyera, amene adafika kwa Mponda mu 1889, adasamuka osabatiza gulu la akhristu. Motero pamene kalata ya Papa inkatuluka, ntchito ya Katolika kuno idali itazima. Nkhani ya chilungamo imene inkakhudza Afrika pa nthawiyo idali ukapolo. Kadinala Charles Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha Abambo Oyera, adayendera mizinda ya ku Ulaya mu 1888 kulalikira zotsutsa malonda a akapolo, ndipo mu 1890 Papa Leo yemweyo adalamula kuti pa chaka cha Epifania pazikhala chopereka chothandiza ntchito yothetsa ukapolo mu Afrika.

Nthawi ya thangata

Amishoni adabweranso. Abambo a Montfort adakhazikika ku Nzama mu 1901, ndipo Abambo Oyera adayamba misiyoni ya Mua mu 1902. Palibe amene angakane ntchito yawo yachifundo: adamanga sukulu ndi zipatala, adasamala akhate ndi ana amasiye, ndipo ambiri a iwo adasiya mafupa awo kuno akadali anyamata.

Komatu m'zaka zomwezo, ku mapiri a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kudakula mchitidwe wa thangata. Kale mawu amenewa ankatanthauza kuthandizana pa ntchito ya kumunda. M'maesiteti a azungu adasanduka dzina la ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo nyumba, kuonjezera pa ntchito yopezera msonkho. Ambiri mwa ozunzikawo adali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene adalibe kwina kopita. Apa padali chitsanzo chenicheni cha zimene Papa Leo adatsutsa: pangano lovomeredwa chifukwa cha kusowa pogwira. Koma mawu a Mpingo wathu otsutsa thangata poyera adali ochepa. Pamene anthu a John Chilembwe adaukira mu Januwale 1915, kuyambira ku esiteti ya Magomero, adatenthanso misiyoni ya Nguludi navulaza wansembe. Zifukwa za chiwembucho zidali zingapo, koma chimodzi n'choonekeratu: oukirawo sadaone misiyoni ija ngati bwenzi pa dandaulo lawo.

Tisafulumire kuweruza makolo athu m'chikhulupiriro. Iwo adafika mochedwa, atapeza amishoni a ku Scotland ndi a Dutch Reformed atakhazikika kale. Ambiri adali Afalansa ndi Adatchi, alendo m'dziko lolamulidwa ndi Angerezi, ndipo sukulu zawo zinkadalira chilolezo cha boma. Maphunziro awo a zaumulungu ankatsindika kupulumutsa mizimu ndi kuchita ntchito zachifundo. Komabe Papa Pius XI, m'kalata ya Quadragesimo Anno ya 1931, adanenetsa kuti chifundo sichingalowe m'malo mwa chilungamo chimene munthu wamanidwa. Kumanga bala la wantchito ndi ntchito yoyera, koma sikuchotsa udindo wofunsa amene adamvulaza. M'kalata yomweyo Papa adayala mfundo ina imene idadzakhala yofunika kwa ife pambuyo pake: zimene banja, mudzi kapena kabungwe kakang'ono kangathe kuchita pakokha, ulamuliro waukulu usalande, koma uthandize.

Roma ikulankhula, ife tili chete

Pamene dziko linkayandikira ufulu, padachitika chinthu chimene chidasiya chipsera. Mu 1960 John Chester Katsonga adayambitsa chipani cha Christian Democratic Party. Nyuzipepala ya Malawi News, ya chipani cha Malawi Congress Party, idanena kuti chipanicho n'chida cha Arkiepiskopi John Baptist Theunissen wa ku Blantyre ndi cha Vatican, ndipo idanyoza Mpingo kolimba. Mu 1961 aepiskopi adalemba kalata yolongosola mfundo zomangira mtundu wamtendere, koma phunziro limene atsogoleri ambiri a Mpingo adatolapo pa mkanganowo lidali lakuti nkhani za kayendetsedwe ka dziko n'zoyenera kuzitalikira.

Zodabwitsa n'zakuti m'zaka zomwezo chiphunzitso cha Eklezia chinkakula mofulumira kuposa kale lonse. Papa John XXIII, mu Mater et Magistra ya 1961, adalankhula zambiri za alimi ndi za mitengo ya zokolola zawo, navomereza njira ya magawo atatu imene Bambo Joseph Cardijn wa ku Belgium ankaphunzitsa achinyamata apantchito: kuona zimene zikuchitika, kuziweruza ndi kuwala kwa Mthenga Wabwino, kenaka kuchitapo kanthu. Mu Pacem in Terris ya 1963 adatchula maufulu a munthu limodzilimodzi, kuphatikizapo ufulu wolankhula ndi wosonkhana. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, mu Gaudium et Spes ya 1965, udaphunzitsa kuti Eklezia sali womangika ku chipani kapena mtundu wina wa boma, koma ali ndi ufulu ndi udindo woweruza ngakhale nkhani za ndale pamene maufulu a munthu kapena chipulumutso cha anthu chikufuna kutero. Mu 1967 Papa Paul VI adalemba Populorum Progressio, yonena za chitukuko cha munthu yense ndi cha anthu onse, nakhazikitsa ku Roma bungwe la Chilungamo ndi Mtendere. Ndipo Sinodi ya aepiskopi ya 1971 idanena mosapsatira kuti kugwirira ntchito chilungamo ndi gawo lenileni la kulalika Mthenga Wabwino.

Nanga kwathu kuno kunkachitika zotani? Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo patangopita miyezi iwiri nduna zingapo zidakangana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, zina nkuthawira kunja. Mu 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi. Mu 1971, chaka chomwe cha Sinodi ija, Dr. Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya. Anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku ndende zina popanda kuzengedwa mlandu. A Mboni za Yehova, amene adaletsedwa mu 1967 ndipo ankakana kugula khadi la chipani, adamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'dziko, makamaka mu 1972 ndi 1975. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, boma nkulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Alendo ankayamikira misewu ndi bata la dziko lathu, koma chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa zonsezi Mpingo wathu sudatulutse mawu a poyera. Alipo ansembe ndi asisteri amene adathandiza mabanja a omangidwa mwakachetechete, ndipo Mulungu akuwadziwa. Koma tiyenera kuvomereza kuti pamene anzathu a chipembedzo china ankazunzidwa, maguwa athu adali duu, ndipo pa zikondwerero za boma atsogoleri a mipingo ankakhala pa mipando yaulemu.

Mbewu ya miphakati

M'nyengo yomweyi ya chete mudafesedwa mbewu ina. Aepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti kumanga timagulu ta akhristu tating'onoting'ono kukhale ntchito yoyamba ya utumiki wawo, ndipo mu 1979 adakumana ku Zomba kudzaunika m'mene ntchitoyo inkayendera. Kuno mtsogoleri wa maganizo amenewa adali Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Pa sinodi ya dayosizi yawo, kuyambira 1973 mpaka 1975, akhristu wamba adakambirana za Mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha. Boma lidaona miphakati ngati magulu a ndale obisika, popeza silinkafuna kuti anthu azisonkhana ndi kusankha atsogoleri awo kunja kwa chipani. Ambuye Kalilombe adakakamizika kuchoka m'dziko, ndipo mu 1979 adatula pansi udindo wa dayosizi.

Kuchoka kwawo kudaonjezera mantha. Koma miphakati sidafe. Mlungu ndi mlungu, m'midzi ndi m'makomboni, akhristu adazolowera kukhala pansi, kuwerenga Malembo Oyera, kusonkha ufa wa pamaliro ndi kukambirana za odwala awo. Osadziwa, ankaphunzira kuona, kuweruza ndi kuchita, ndipo ankatsimikiza mfundo ya Papa Pius XI ija yakuti anthu wamba angathe kuyendetsa zinthu zawo.

Kalata ya Lenti

Papa John Paul II, amene mu Sollicitudo Rei Socialis ya 1987 adaphunzitsa kuti tchimo limatha kukhazikika m'malamulo ndi m'kayendetsedwe ka chuma, adacheza m'Malawi kuyambira pa 4 mpaka pa 6 Meyi 1989. Chaka chomwecho khoma la Berlin lidagwa, ndipo maiko a azungu adaleka kusekerera olamulira ankhanza chifukwa chongoti amadana ndi chikomyunizimu. Mu 1990 aepiskopi a ku Zambia adalemba kalata yonena za chuma, ndale ndi chilungamo, ndipo mu Okutobala 1991 Frederick Chiluba adagonjetsa Kenneth Kaunda pa chisankho. Mu 1991 momwemo Papa adakumbukira zaka zana za Rerum Novarum polemba Centesimus Annus, m'mene adayamikira ulamuliro wolola nzika kusankha ndi kuchotsa atsogoleri awo mwamtendere.

Motero aepiskopi athu adakonza kalata yawo mwachinsinsi. Pakati pa osaina padali Ambuye James Chiona a ku Blantyre, Felix Mkhori a ku Chikwawa, Matthias Chimole a ku Lilongwe, Alessandro Assolari a ku Mangochi, Allan Chamgwera a ku Zomba, Gervazio Chisendera a ku Dedza, ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu. Makope 16,000 adasindikizidwa ku makina a Abambo a Montfort ku Balaka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi.

Kalatayo sidatchule dzina la munthu, ndipo sidapemphe kuti boma lichoke. Idayamba ndi ulemerero wa munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, nitsikira ku zinthu zodziwika kwa aliyense: mpata wokulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika imene alimi ankalandira, kuthinana kwa ana m'makalasi, kuperewera kwa chithandizo m'zipatala, ziphuphu ndi kukondera. Idadandaula za kutsekera anthu popanda mlandu, za mphatso zokakamiza, za kuletsa munthu kulowa mumsika kapena m'chipatala chifukwa alibe khadi, ndi za mantha amene ankachititsa kuti nzeru za anthu ambiri zitayike. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo aepiskopi adalemba ndi mtima umenewo.

Boma silidaulandire motero. Pa 10 Malichi aepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre nafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Pa msonkhano wa atsogoleri a chipani ku Lilongwe ena adanena poyera kuti aepiskopi aphedwe, ndipo mawu awo adajambulidwa namveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idatenthedwa. Monsinyo Roche adalamulidwa kuchoka m'dziko pa Lachisanu Loyera, pa 17 Epulo.

Koma mantha adali atasweka. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adachita ziwonetsero zogwirizana ndi aepiskopi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adabwerera m'dziko kudzaitanitsa demokalase namangidwa pa bwalo la ndege. Mu Meyi antchito adanyanyala ntchito ku Blantyre, kuyambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, ndipo anthu makumi angapo adawomberedwa ndi apolisi. Mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo lonse kupatula la njala ndi la othawa nkhondo. Mu Juni atsogoleri a CCAP, pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches, adapereka kalata yawo kwa Pulezidenti, ndipo m'miyezi yotsatira mudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, lophatikiza mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho.

Sitinganene kuti kalata yokha ndiyo idasintha dziko. Chilala cha 1992, kusintha kwa ndale za dziko lapansi, kulimba mtima kwa antchito ndi ophunzira, ndi magazi a anthu monga Orton Chirwa, amene adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, zonsezi zidagwira ntchito yake. Chimene kalata idachita ndi kutsegula pakamwa pa mtundu. Idatha kutero chifukwa idalankhula za msika ndi chipatala m'chinenero cha anthu, chifukwa aepiskopi adasaina onse pamodzi kotero kuti panalibe mmodzi womupatula monga zidachitikira ndi Ambuye Kalilombe, ndiponso chifukwa ansembe ndi akatekisti adaiwerenga tsiku limodzi kwa akhristu amene miphakati idali itawazoloweza kale kumva ndi kukambirana.

Zimene zatitsalira

Chiyambire 1994 Mpingo wapitiriza ntchitoyi kudzera m'bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, ndi la chitukuko, CADECOM. Pamene padabuka maganizo osintha malamulo kuti Pulezidenti alamulire kopyola matemu awiri, aepiskopi pamodzi ndi mipingo ina adatsutsa, ndipo bilu yake idagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 2002. Abambo Oyera adakhazikitsa Centre for Social Concern ku Kanengo, imene idatsata chitsanzo cha Ajezuwiti a ku Lusaka powerengera ndalama zimene banja limafuna pa mwezi kuti lipeze zofunika pa moyo, ndipo idalimbana ndi nkhani ya matenanti a m'maesiteti a fodya. Utenanti, umene udali mdzukulu wa thangata, udaletsedwa ndi lamulo mu 2021, patatha zaka 130 kuchokera pa Rerum Novarum. Ndipo pamene Papa Leo XIV adasankhidwa mu Meyi 2025, adalongosola kuti adatenga dzinalo pokumbukira Leo XIII, chifukwa makina atsopano akubweretsanso mafunso okhudza ntchito ndi ulemerero wa munthu.

Mbiri imeneyi ikutionetsa kuti chiphunzitso chimatha kukhala m'kabati ya seminale zaka makumimakumi, chikuphunzitsidwa ndi kulembedwa pa mayeso, koma osafika kwa mlimi wogulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wolira. Ansembe a m'nthawi ya thangata ndi a m'nthawi ya Mikuyu sadali anthu oipa kuposa ife. Adali ndi sukulu ndi zipatala zoti ateteze, ndipo adadziuza kuti nthawi yolankhula sidakwane. Ifenso tili ndi zathu zoteteza: mphatso za andale pa mwambo wa Paper Sunday, maenvulopu a pa chikondwerero cha unsembe, ubale ndi akhristu olemera amene amamanga matchalitchi athu. Munthu amene wadya za mwini amavutika kumtsina khutu.

Sinodi ya 1971 idachenjezanso kuti wofuna kulankhula kwa anthu za chilungamo ayenera kuyamba waoneka wolungama iye mwini pamaso pawo, ndipo idatchula malipiro a anthu ogwira ntchito mu Mpingo. Tsono wansembe wachinyamata amene watumizidwa ku parishi yake yoyamba, asanalembe ulaliki wodzudzula boma, atsegule buku la malipiro. Aone zimene amalandira mlonda wogona panja usiku wonse, mayi wophika kunyumba ya ansembe, ndi katekisti wopalasa njinga kupita ku nthambi zakutali. Aone ngati ali ndi tsiku lopuma, ngati akulipiriridwa penshoni monga lamulo likunenera, ndiponso ngati ndalama za mtulo zimalengezedwa kwa akhristu amene adazisonkha. Akakonza zimenezi, adzatha kukhala pansi ndi mphakati, kufunsa mtengo wa feteleza ndi wa thumba la chimanga, kumva za mtsikana wokwatiwitsidwa ali pa sukulu ndi za mayi wamasiye wolandidwa munda, ndipo mawu ake pa guwa adzakhala ndi polemera, monga adakhalira mawu a aepiskopi athu pa Lamulungu lija la Lenti.